Mitsempha ya m'mimba siyenda njira imodzi mwa anthu onse

Chithunzi cha mitsempha ya m'mimba chimene ophunzira udokotala amaloweza n'choona, koma n'choona mwa anthu ena okha. Nicholas Michels wa ku Philadelphia anatumbula mitembo 200 n'kulondola mtsempha uliwonse wopita kuchiwindi kuyambira pagwero pake. Anapeza kuti anthu 55 okha pa 100 alionse ndi amene mitsempha yawo inagwirizana ndi ya m'buku. Otsalawo aliyense anali ndi kanjira kake. Kusiyana kumeneku si matenda ayi. Magazi amafika kuchiwindi chimodzimodzi, kaya adzera uku kaya uko, ndipo munthu amakalamba osadziwa n'komwe kuti m'mimba mwake muli zachilendo. Choopsa chimabwera tsiku limene m'mimbamo mwalowa mpeni, chopanira kapena kachubu, pamene wogwira zidazo akuyembekezera kupeza za m'buku.

Mawu akuti mtsempha pa Chichewa amasenza zambiri. Pano tikunena mitsempha yogunda, yotenga magazi kumtima kupita nawo kuziwalo, ndipo tikafuna kutchula yobweza magazi tinena choncho. Mawu akuti kapamba nawonso anthu amatchulira ziwalo ziwiri zosiyana. Kapamba wa m'nkhani ino ndi chiwalo chosefa magazi chokhala kumanzere kunsi kwa nthiti. Chopanga insulin chija, chogona chopingasa kuseri kwa chifu, tichitcha pancreas.

Thunthu ndi nthambi zake

Aorta, mtsempha waukulu wochokera kumtima, imalowa m'mimba kudzera pampata wa kuseri kwa diaphragm, mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba, pamlingo wa fupa la msana lotchedwa T12. Imatsika motsamira kumanzere pang'ono, yonenepa pafupifupi masentimita 2, mpaka pa fupa la msana la L4, cha pamlingo wa mchombo, pamene imagawika pawiri kulowera m'chiuno ndi kumiyendo. Kutsogolo kwake kumatuluka mitsempha itatu yopanda anzake. Woyamba ndi wa celiac, kathunthu kafupi ka sentimita 1 kapena 2, kodyetsa chifu, chiwindi, kapamba, pancreas ndi chiyambi cha duodenum, thumbo loyamba lochokera kuchifu. Pafupifupi sentimita 1 kunsi kwake, pa L1, pali wa mesenteric wam'mwamba, mwini matumbo aang'ono ndi mbali yakumanja ya matumbo aakulu. Pa L3 pali wa mesenteric wam'munsi, wotenga matumbo aakulu akumanzere mpaka chiyambi cha thumbo lomalizira. M'mbali mwa aorta mumatuluka mitsempha iwiriiwiri, yaikulu mwa iyo ndi ya impso, pakati pa L1 ndi L2.

Wa celiac umagawika patatu: mtsempha wakumanzere wa chifu, wa kapamba, ndi waukulu wa chiwindi. Albrecht von Haller anafotokoza mphanda zitatuzi mu 1756, ndipo anthu pafupifupi 9 pa 10 alionse ali nazo zonse pathunthu limodzi, ngakhale kuti kawirikawiri wa chifu umayamba kupatuka, iwiri inayo n'kugawana patsogolo.

Kuti munthu amvetse kusiyana kwa mitsemphayi, njira yachidule si kuloweza mitundu yake koma kubwerera kwa mluza. M'milungu yoyambirira aorta imakhala ndi timitsempha tambiri totuluka kutsogolo kwake, ndipo tambiri timafota. Julius Tandler wa ku Vienna anafotokoza mu 1904 kuti pamalo amene tikunenawa pamakhala mizu inayi yosanjikizana, yolumikizidwa kutsogolo ndi kamtsempha kotsika choimirira, ngati makwerero. Mwa anthu ambiri muzu wachiwiri ndi wachitatu imafota pamene yachokera pa aorta, ndipo kolumikizako kamaduka pakati pa muzu wachitatu ndi wachinayi. Muzu woyamba umatsala utanyamula nthambi zitatu, ndiye celiac ameneyo, wachinayi n'kukhala wa mesenteric wam'mwamba. Tsono kaduke pamwamba pang'ono, nthambi ya chiwindi imapita ndi wa mesenteric. Kapande kuduka, muzu woyamba n'kufota, nthambi zonse zinayi zimatuluka pathunthu limodzi lotchedwa celiacomesenteric, limene limapezeka mwa munthu mmodzi pa 100 kapena kuchepera apo. Thunthu loterolo likatsekeka, ziwalo zonse kuyambira chifu mpaka pakati pa matumbo aakulu zimasowa magazi nthawi imodzi, chifukwa celiac ndi mesenteric wam'mwamba, imene ikanathandizana, yakhala thunthu limodzi. Nthawi zina muzu woyamba ndi wachinayi imakhalapo bwinobwino koma kolumikizako kamatsala, ndipo kamatchedwa uta wa Bühler.

Chiwindi

Pachiwindi ndi pamene nkhaniyi imakula. Chiwindi cha mluza chimayamba ndi mitsempha itatu: wakumanzere wochokera kumtsempha wa chifu, wapakati wochokera ku celiac, ndi wakumanja wochokera ku mesenteric wam'mwamba. Mwa anthu ambiri wapakati umakula n'kutenga ntchito yonse, iwiri ya m'mbaliyo n'kuzimiririka. Umodzi ukakana kuzimiririka, pamakhala zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa bwino. Ngati wotsalawo uli wokha, nthambi yanthawi zonse ya mbali imeneyo kulibe, timati ndi wolowa m'malo. Ngati nthambi yanthawi zonse iliponso, timati ndi wowonjezera. Kumanga wolowa m'malo ndiko kulanda theka la chiwindi magazi ake onse ochokera kumtima.

Michels anagawa zimene anapeza m'mitundu 10. Mwa anthu 100 alionse, 11 anali ndi mtsempha wakumanja wolowa m'malo wochokera ku mesenteric, 10 anali ndi wakumanzere wolowa m'malo wochokera kumtsempha wa chifu, 8 anali ndi wakumanzere wowonjezera, 7 wakumanja wowonjezera, ndipo mwa ochepa, osapitirira 5, mtsempha wonse wa chiwindi unkachokera ku mesenteric. Mu 1994 Jonathan Hiatt ndi anzake ku Los Angeles anafotokoza ziwindi 1,000 zotengedwa kuti akaike mwa odwala. Iwo anapeza kuti pafupifupi 76 pa 100 zinali monga mwa buku, ndipo anachepetsa mitunduyo kufika pa 6 pophatikiza wolowa m'malo ndi wowonjezera. Kuphatikizako kuli ndi nzeru yake. Mtsempha wotchedwa wowonjezera nthawi zambiri umakhala ndi kadera kakekake m'chiwindi, choncho dzina lakelo lisapusitse munthu kuti ndi wapadera woti n'kutaya.

Wina angafunse kuti nkhawa yonseyi n'njachiyani, poti magawo atatu mwa magawo anayi a magazi olowa m'chiwindi amabwera ndi mtsempha wobweza magazi wa portal, wochokera kumatumbo. Zoona, ndipo n'chifukwa chake chiwindi chathanzi nthawi zambiri chimapirira mtsempha waung'ono ukamangidwa: zoyeza za chiwindi m'magazi zimakwera masiku angapo, timitsempha ta m'kati timatseguka, zinthu n'kubwerera. Koma njira za ndulu sizidya za portal. Zimadalira mitsempha yogunda yokha, makamaka timitsempha tiwiri toyenda m'mbali mwa njira yaikulu ya ndulu, monga pa 3 koloko ndi pa 9 koloko pankhope ya wotchi. Timitsemphati timalandira magazi kuchokera kunsi, kumbali ya mtsempha wa gastroduodenal (nthambi ya wa chiwindi yotsikira kuchifu ndi duodenum), ndi kuchokera kumwamba, kumtsempha wakumanja wa chiwindi.

Apa m'pamene pagona ngozi ya opaleshoni ya Whipple, yochotsa mutu wa pancreas, duodenum, thumba la ndulu ndi m'munsi mwa njira ya ndulu. Pa opaleshoniyi mtsempha wa gastroduodenal umadulidwa mwadala, kutanthauza kuti chitsa cha njira ya ndulu chotsalacho chikudalira mtsempha wakumanja wa chiwindi wokha. Mtsempha umenewu ukakhala wolowa m'malo, supezeka kutsogolo kumene dokotala anauzolowera. Umachoka pa mesenteric, n'kukwera kuseri kwa mutu wa pancreas, mwina kudzera m'kati mwake mwenimweni, kenako n'kuyenda kuseri ndi kumanja kwa portal, kumbuyo kwa njira ya ndulu. Malo amenewo ndi omwe dokotala amadulamo mafuta ndi timabelu ta khansa, tija tikatupa timati mwanabere. Ukamangidwa pamenepo, msoko wolumikiza njira ya ndulu ndi thumbo umasowa magazi. Ndulu imayamba kuchucha m'mimba patapita masiku ochepa, kapena njirayo imapanikizika patapita miyezi, kapena m'chiwindi mumachita mafinya. N'chifukwa chake madokotala ambiri amayamba n'kufukula mtsempha wa mesenteric pagwero pake, kuona nthambi iliyonse yolowera kumanja ndi kumwamba, asanadule chilichonse chosabwezeka.

Wakumanzere wolowa m'malo uli ndi msampha wakewake. Umachoka pamtsempha wakumanzere wa chifu n'kudutsa m'kansalu kopyapyala kolumikiza chifu ndi chiwindi. Kansalu kameneka kamaoneka kopanda kanthu, ndipo ndi khomo limene amatsegula pofuna kufika pamene kholingo la chakudya limakumana ndi chifu, kaya pa opaleshoni ya asidi wobwerera, yochepetsa chifu kapena ya khansa. Pochotsa chifu cha khansa, mtsempha wa chifu amaumanga pagwero kuti timabelu tichoke pamodzi. Ngati ukunyamulanso magazi a chiwindi, chofunika n'kuusiya thunthu lake, kuupala timabelu mosamala, n'kumanga nthambi za chifu zokha kupitirira pamene ya chiwindi yapatukira. Pokayika, kuupana kwa kamphindi n'kuyang'ana ngati mbali yakumanzere ya chiwindi ikuda kumayankha funsolo. Mtsempha womwewu umasokonezanso njira ya Pringle, imene James Hogarth Pringle wa ku Glasgow anafotokoza mu 1908, yopana mitsempha yonse yolowa pakhomo la chiwindi kuti magazi asiye kutuluka. Ambiri amapana mphindi 15 n'kumasula mphindi 5. Magazi ofiira akapitirira kutuluka kumanzere chopaniracho chili pamalo, kaganizidwe koyamba kakhale kakuti pali mtsempha wodutsa kunja kwa chopanira.

Pa chiwindi choika mwa munthu wina palibe kupirira kulikonse. Minyewa yonse yozungulira imakhala itadulidwa, ndipo timitsempha tothandiza tija kulibe. Mtsempha uliwonse uyenera kulumikizidwa. Wakumanja wochokera ku mesenteric nthawi zambiri amausokera pachitsa cha gastroduodenal kapena cha mtsempha wa kapamba chiwindicho chidakali m'madzi ozizira patebulo, kuti polowa mwa wodwala pakhale msoko umodzi. Nawonso madokotala othira mankhwala a khansa kudzera m'kachubu kolowera m'mphechepeche amayenera kujambula celiac ndi mesenteric yomwe. Akajambula celiac yekha, mbali ya chotupa yodyetsedwa ndi mtsempha wobisikawo imatsala yosakhudzidwa n'kupitiriza kukula. Amafunanso kamtsempha kakumanja ka chifu, kamene gwero lake limasinthasintha kwambiri, chifukwa timibulu ta mankhwala tikasochera m'menemo timabowola zilonda zovuta kupola m'chifu.

Opaleshoni yochotsa thumba la ndulu ndi yofala kwambiri, ndipo kufalako n'kumene kumachititsa kuti kulakwitsa kochepa kukhudze anthu ambiri. Kamtsempha ka thumbali kamachoka pamtsempha wakumanja wa chiwindi m'kadera ka ngodya zitatu kodziwika ndi dzina la Calot, amene anakafotokoza mu 1891. Mwa munthu mmodzi pa 4 kapena 5 alionse timakhala tiwiri, kapena kamachokera kwina n'kudutsa kutsogolo kwa njira ya ndulu. Choipa kwambiri ndi pamene mtsempha wakumanja wa chiwindi wapindika ngati mbozi n'kufika pafupi ndi khosi la thumba, n'kutulutsa kanthambi kafupi kwambiri. Wopupuluma amapana mtsempha wonsewo poganiza kuti ndi ka thumba kaja. Lamulo limene Steven Strasberg analongosola mu 1995 ndi lodekha: kuchotsa mafuta onse m'kadera kaja, kumatula m'munsi mwa thumba pachiwindi, n'kuona ndi maso kuti zolowa m'thumbamo ndi ziwiri zokha, njira ndi kamtsempha, musanapane kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsempha wooneka wonenepa kuposa mmene ka thumba kamakhalira usadulidwe mpaka utalondoledwa kumene ukuthera.

Impso

Impso sizibadwira pamene zili. Zimayambira m'chiuno mwa mluza n'kukwera pakati pa mlungu wa 6 ndi wa 9. Pokwerapo sizikoka mtsempha umodzi, koma zimalandira watsopano pamwamba, wakale wam'munsi n'kufota. Wakale ukatsala, munthu amabadwa ndi mitsempha iwiri kapena kuposa kuimpso imodzi. Zimenezi zimapezeka mwa anthu 25 mpaka 30 pa 100 alionse, ndipo mwa pafupifupi 10 zimakhala mbali zonse ziwiri. Wowonjezerawo ungalowe pakhomo la impso pamodzi ndi waukulu, kapena kubowola nsonga yam'mwamba kapena yam'munsi pawokha.

Kusiyana kwa impso ndi chiwindi n'kwakuti muimpso mulibe kubwerekana magazi. Mtsempha uliwonse uli ndi munda wake, ndipo ukamangidwa mundawo umafa basi. Chidutswa chimene chikulandira magazi operewera chingathenso kutulutsa mankhwala a impso otchedwa renin ochuluka n'kukweza kuthamanga kwa magazi.

Pofuna kutenga impso mwa munthu wamoyo, madokotala amakonda yakumanzere chifukwa mtsempha wake wobweza magazi ndi wautali, koma sikani ikhoza kusintha chisankhocho. Amawerenga mitsempha, kuyeza kunenepa kwake, n'kuonanso mtunda umene waukulu umayenda usanagawike. Ukagawika usanathe masentimita 1.5 kapena 2 kuchokera pa aorta, chodulira chimadya mtundawo ndipo dokotala amatsala ndi mitsempha iwiri m'manja. Iwiri yofanana kunenepa amaing'amba pang'ono m'mbali n'kuisoka kukhala pakamwa pamodzi. Waung'ono amausokera m'mbali mwa waukulu, kapena pamtsempha wa epigastric wam'munsi, wa pakhoma la mimba ya wolandirayo. Kamtsempha kochepera mamilimita 2 kopita kunsonga yam'mwamba kakhoza kutayidwa ngati kadera kake n'kochepa. Kam'munsi ayi. Iko kamadyetsanso chiyambi cha ureter, njira yotsitsa mkodzo kupita kuchikhodzodzo, ndipo muimpso yoikidwa njira imeneyi ilibe gwero lina la magazi. Kakamangidwa, kumapeto kwa njirayo kumafa, mkodzo n'kuyamba kutayikira m'thupi.

Mtsempha wam'munsi womwewu nthawi zina umadutsa kutsogolo kwa njira ya mkodzo pamene ikutuluka muimpso. Njirayo imapindikira pamtsemphawo, mkodzo umaunjikana, impso n'kutupa. Wodwala amamva ululu wa m'nthiti wobwera n'kupita, makamaka akamwa madzi ambiri nthawi imodzi. Mankhwala ake si kudula mtsempha, poti kutero n'kupha nsonga ya impso. Amadula njira ya mkodzoyo, kuidutsitsa kutsogolo kwa mtsempha, n'kuisokanso. Kung'amba njirayo kuchokera m'kati osadziwa kuti kunja kwake kwagona mtsempha kumabweretsa kutaya magazi koopsa.

Impso zikalumikizana kunsi n'kukhala ngati chitsulo cha kuphazi kwa hatchi, zimene zimachitika mwa munthu mmodzi pa 400 kapena 500, mlatho wolumikizawo umakodwa kunsi kwa mtsempha wa mesenteric wam'munsi ndipo impso sizikwera mokwanira. Mitsempha yake imachokera paliponse: pa aorta, pamitsempha ya m'chiuno, ngakhale pa mesenteric womwewo. Aliyense wokonza aorta yofufuma, imene timaitcha yofufuma ikafika masentimita 3, ayenera kudziwa gwero la uliwonse mwa munthu wotere. Ngakhale mwa munthu wa impso zanthawi zonse, chubu choikidwa m'kati mwa aorta chimafuna khosi labwino la mamilimita 10 mpaka 15 kunsi kwa mitsempha ya impso, ndipo mtsempha wowonjezera wotuluka pakhosi pamenepo umakakamiza kusankha pakati pa kuuphimba, chidutswa cha impso n'kufa, kapena kusintha njira yonse.

Matumbo aakulu

Pamatumbo aakulu chosinthasintha kwambiri si magwero koma malumikizidwe. M'mphepete mwa thumbo mumayenda mtsempha wa Drummond, wolumikiza nthambi za mesenteric wam'mwamba ndi wam'munsi. Pakona ya kumanzere pafupi ndi kapamba, pamalo otchedwa a Griffiths, mlumikizowu mwa anthu ena ndi woonda kwambiri kapena kulibe. Malo ena ofooka ndi a Sudeck, pamene thumbo lokhota limakumana ndi lomalizira. Kuthamanga kwa magazi kukatsika kwambiri, malo awiriwa ndi amene amayamba kuvutika. Pochotsa khansa ya thumbo lomalizira, mesenteric wam'munsi akamangidwa pagwero, thumbo lonse lakumanzere limadalira magazi odutsa pa Griffiths. Choncho asanasoke, dokotala amadula mtsempha wa m'mphepetewo n'kuona ngati ukutumphitsa magazi ofiira, kapena amabaya utoto wa indocyanine wowala pa kamera yapadera. Ngati magazi akungodontha akuda, amadula thumbo chakumtunda mpaka apeze pabwino. Kusoka thumbo losowa magazi ndiko kumene kumaphulitsa msoko patapita masiku ochepa.

Chakum'kati kwa mtsempha wa Drummond anthu ena ali ndi mlumikizo wachiwiri, uta wa Riolan. Ukaoneka wonenepa ndi wokhotakhota pa sikani, ndiye kuti ukugwira ntchito yaikulu, ndipo funso n'lakuti magazi akulowera kuti. Ngati mesenteric wam'munsi ndiye watsekeka, magazi akutsika ndipo utawo ukusunga thumbo lakumanzere. Ngati watsekeka ndi wam'mwamba, magazi akukwera, ndipo matumbo aang'ono onse akudalira mesenteric wam'munsi. Kuumanga mwa munthu wotere n'kupha matumbo. Kumanja, mtsempha wa ileocolic, wopita pokumanira matumbo aang'ono ndi aakulu, sulephera kupezeka, koma wa colic wakumanja, wodyetsa thumbo lalikulu lakumanja, mwa anthu ambiri sukhalapo ngati nthambi yapayokha. Woufunafuna mwakhama angathe kumanga wa colic wapakati m'malo mwake.

Pali kusiyana kwina kosakhudza nthambi koma malo. Mnyewa wolimba wa diaphragm wopingasa pamwamba pa aorta, wotchedwa median arcuate, mwa anthu ena umatsika n'kukanikiza celiac pagwero, makamaka potulutsa mpweya. Pa sikani yoonedwa cham'mbali, mtsemphawo umaoneka wokoloweka ngati mbedza. Ambiri oterewa samva chilichonse, ndipo kuona mbedza pa sikani si chifukwa chochitira munthu opaleshoni. Ochepa, kawirikawiri amayi achitsikana ochepa thupi, amamva ululu akadya n'kumaonda, ndipo zoyambitsa zina zonse ziyenera kufufuzidwa kaye. Koma ngakhale mwa osamva kanthu, thupi limakhala litapeza njira yolambalala: magazi amakwera kuchokera ku mesenteric kudzera m'mitsempha yozungulira mutu wa pancreas, n'kudutsa mu gastroduodenal chobwerera kupita kuchiwindi. Mitsempha yaing'onoyo ikhoza kufufuma chifukwa cha katundu wosayenera msinkhu wake. Ndipo pa opaleshoni ya Whipple, kudula gastroduodenal mwa munthu wotere n'kudula magazi a chiwindi, chifu ndi kapamba. Pachifukwa chimenechi amaupana kaye n'kumvera ngati mtsempha wa chiwindi ukugundabe. Kugundako kukazilala, amamasula mnyewa uja, kapena kukonza njira ina ya magazi, asanapitirize.

Mitsempha ina ingotchulidwa mwachidule. Wa kapamba umagawika kutali ndi kapambayo kukhala nthambi zambiri zazitali mwa anthu pafupifupi 7 pa 10, ndipo mwa otsalawo umafika pafupi uli umodzi. Wa Adamkiewicz, wodyetsa m'munsi mwa chingwe cha ubongo chodutsa mumsana, umachokera kawirikawiri kumanzere pakati pa T9 ndi T12 koma ungatsike kuposa apo, ndipo kuutseka pokonza aorta kungapuwalitse miyendo. M'munsi mwenimweni, kuseri kwa fupa la pachinena, anthu ambiri ndithu ali ndi mlumikizo wotchedwa corona mortis, umene ukadulidwa pa opaleshoni ya hernia (thumbo lotulukira pakhoma la mimba) kapena ya fupa lothyoka umathawira kuseri kwa fupa, kovuta kuugwira.

Kuwerenga sikani

Zonsezi zimaoneka pa sikani ya CT yojambulidwa moyenera. Mankhwala oonetsa mitsempha, pafupifupi mamililita 100, amabayidwa mothamanga mamililita 4 kapena 5 pa sekondi, ndipo kujambula kumayamba pamene adzaza aorta, masekondi 25 mpaka 35 chibayireni, impso za wodwala zitayezedwa kale. Zigawo zikhale za milimita 1 kapena kuchepera. Sikani yojambulidwa mochedwa, mankhwala atafika kale mu portal, kapena yodulidwa m'zigawo za mamilimita 5, imabisa timitsempha ta kunsonga kwa impso. Zithunzi zokongola zozungulika zija zimathandiza kuona mawonekedwe onse, koma kompyuta imafufuta timitsempha tating'ono pozipanga, choncho chigamulo chichokere pazigawo zenizenizo.

Powerenga, ndi bwino kuyenda ulendo kawiri. Koyamba kutsika ndi aorta kuyambira pa diaphragm mpaka m'chiuno, kutchula nthambi iliyonse yotuluka. Kachiwiri kuyambira pachiwalo kubwerera kugwero, chifukwa diso lotsata thunthu limakhutira likangoona nthambi imene limayembekezera, osafunsanso ngati pali ina. Pachiwindi malo awiri ayang'anidwe mwadala: kuseri kwa portal, kumene mwachibadwa sikuyenera kukhala mtsempha wogunda, ndi mng'alu wakuya wa kumanzere kumene kansalu ka chifu kamalowera. Kadontho kowala pamalo amenewa ndi mtsempha wolowa m'malo kapena wowonjezera. Paimpso, kufufuza kupitirire mpaka pamitsempha ya m'chiuno. Lipoti lisangoti pali kusiyana kwa mitsempha, ndipo nambala ya mtundu wa Michels payokha sithandiza dokotala amene waima patebulo. Linene gwero, kunenepa m'mamilimita, njira imene mtsemphawo wadzera poyerekeza ndi portal, pancreas kapena njira ya mkodzo, ndiponso ngati nthambi yanthawi zonse ilipo.

Pangozi yadzidzidzi sikani imasowa, ndipo chotsala ndi chala. Dokotala amalowetsa chala chamkombaphala pakabowo ka Winslow, kuseri kwa mtolo wa mitsempha yolowa m'chiwindi, chala chachikulu chili kutsogolo. Mwa munthu wa m'buku kugunda kumamveka kutsogolo chakumanzere. Kukamveka kumbuyo chakumanja, pansonga ya chala cholowacho, mtsempha wakumanja wa chiwindi ukuchokera ku mesenteric. Kenako amakweza mbali yakumanzere ya chiwindi, kutambasula kansalu kopita kuchifu nyali ikuwala, n'kuona ngati mukudutsa chingwe chogunda asanakang'ambe.